Firiji ikalira, musathamangire kuthira gasi

Ndalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Moatize amene amagulitsa maheu ozizira ndi nsomba za pende. Akuti firiji yawo ya zitseko ziwiri, jeleira monga timanenera kuno, yayamba kulira kwe-kwe-kwe m'chipinda cha pamwamba, ndipo akatsegula chitseko phokosolo limaleka. Pamwambapo nsomba zikuumabe gwa, koma pansi maheu akusasa. Wokonza wina wawauza kuti gasi watha. Funso lawo ndi lakuti: athire?

Mayi, ndalamayo muimange kaye pa mfundo ya kapulana. Gasi wa mufiriji satha ngati wophikira. Amangozungulira m'mapaipi otsekeka zaka ndi zaka, ndipo akachepa ndiye kuti penapake pabowoka. Kuthira wina osamata bowolo n'kutungira madzi m'dengu. Komanso gasi akanathadi, nsomba zanu sizikanauma gwa chomwecho.

Chimene chandigwira mtima m'kalata yanu ndi phokoso loleka mukatsegula chitseko. Mafiriji a mtundu wa No Frost, amene amadzisungunulira okha ayezi, ali ndi kafani kuseri kwa khoma la m'chipinda cha pamwamba. Kafaniko ndi kamene kamakankhira mphepo yozizira kupita pansi kudzera m'kanjira kopapatiza, ndipo pa mafiriji ambiri kamaima chitseko chikatseguka. Ayezi akaunjikana kuseriko, mapiko a kafani amakhula ayeziyo, kanjira kaja kamatsekeka, pansi n'kuyamba kufunda. Ndinaziona ndi maso kwa achemwali anga ku Ulónguè: titamasula khomalo tinapeza ayezi atakuta mapaipi onse ngati mwala, kafani katadzikumbira kamzere m'menemo.

Chitani izi. Sungitsani nsomba kwa aneba, zulani pulagi, siyani zitseko zonse pululu kwa maola 24, pansi muyale nsanza. Mpeni usayandikire! Mafiriji ambiri a masiku ano ali ndi gasi wa R600a, amene amayaka moto, ndipo paipi yake ndi yopyapyala moti nsonga ya mpeni imaibowola kamodzi kokha. Mukayatsanso ikayamba kuziziritsa bwino pansi, dziwani kuti gasi alipo. Vutolo likabwereranso patapita masiku angapo kapena masabata awiri, nthawi zambiri chafa ndi kawaya kotenthetsa kosungunula ayezi, kapena sensa yake, kachipangizo koyeza kuzizira. Pamenepo muitane wokonza, mumuuze kuti ayeze zimenezo.

Muonenso labala wa pachitseko. Panani pepala ndi chitsekocho, mulikoke. Likasololoka mosavuta, mpweya wotentha ukulowa usana ndi usiku, ndipo chinyezi chake ndicho chimasanduka ayezi uja. Inu ogulitsa mumatsegulanso kawirikawiri, ndipo chinyezi chimachuluka makamaka maheu akalowa asanapole.

Maphokoso ena asakuopseni. Kulira ngati madzi akuyenda m'mimba ndi gasi akuzungulira. Kuthetheka kwa apo ndi apo ndi pulasitiki ikufutukuka. Kunjenjemera nthawi zambiri ndi miyendo yosakhala bwino pansi, kapena kambale ka madzi kali pamwamba pa kompresa, injini yopopa gasi ili kumbuyo.

Phokoso limene ndimaliopa ine ndi ili: kompresa ing'ung'udza pang'ono, kenako thi! n'kukhala chete, patapita mphindi zochepa n'kubwerezanso. Apo ikulephera kudzuka. Mwina kachipangizo koidzutsa, kamene okonza amati relé, kapsa, kapena magetsi afika ofooka, osakwana 220 V. Izimitseni msanga isanapse, chifukwa relé ndi yotchipa koma kompresa imadula kwambiri. Magetsi akathima n'kubwerera, dikirani mphindi 5 musanalumikizenso.

Pali chinanso chimene ife a m'chigwa cha Zambezi sitiyenera kuchinyalanyaza. Pa kachikwangwani ka mkati kapena kumbuyo kwa firiji pamalembedwa SN, N, ST kapena T. Ya SN ndi ya N zinapangidwira malo otentha osapitirira madigiri 32, ya ST 38, ya T 43. Ku Angónia ya N ingathe kupirira, koma ku Moatize ndi mumzinda wa Tete, kumene mu Okutobala ndi Novembala kumapyola 40, imangogwira ntchito osapuma. Yanuyo ikakhala ya N, ichotseni pafupi ndi mbaula, muitalikitse kukhoma mpata woti dzanja lilowe bwino, ndipo fumbi lakuda la malasha lomwe limamatirira kumbuyoko muzilipukuta ndi burashi youma mutazula pulagi. Mukaisungunula mundilemberenso, mundiuze ngati maheu ayambanso kuzizira.