Mwana wanga akufuna kusiya za mankhwala kuti alowe ndale

Mayi wina wa ku Kasungu walemba kuti: "Mnyamata wanga ali chaka chachiwiri ku yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS, akuphunzira za mankhwala. Chimusankhireni m'komiti ya ophunzira, akuti asiya kosi imeneyi akayambe digiri ya ndale poti akufuna kudzakhala phungu. Bambo ake sakumuyankhula. Nditani?"

Mayi, auzeni bambo akhazike mtima pansi. Kufuna ndale si mlandu. Pomwe mwanayo waphonya ndi poganiza kuti uphungu umafuna digiri ya ndale. Malamulo a dziko lino amangofuna kuti munthu akhale nzika ya zaka 21 kapena kuposa, wolembetsa m'kaundula wa ovota, wotha kuyankhula ndi kuwerenga Chingerezi mokwanira kutsatira zokambirana za m'Nyumba ya Malamulo. Koma kuti aime pawindo la famase n'kupereka mankhwala, bungwe la boma loona za mankhwala la PMRA limafuna mapepala enieni. Akufuna kutaya kiyi wa khomo lokhoma pothamangira khomo lomwe ndi lotsekula kale.

Mukamufotokozere za Hubert Humphrey wa ku America. Bambo ake anali ndi sitolo ya mankhwala ku South Dakota. Ndalama zitavuta panyumba, mnyamatayo adasiya yunivesite n'kubwerera kukathandiza m'sitolomo, ndipo mu 1933 adatenga chiphaso cha za mankhwala ku Denver. Adagwira ntchitoyo m'tauni ya Huron mpaka 1937, mtima uli kwina ndithu, monga wa mwana wanuyu. Kenako adabwerera ku University of Minnesota kukaphunzira za ndale. Mu 1945 adasankhidwa kukhala meya wa Minneapolis, mu 1949 adalowa m'nyumba ya Senate, ndipo kuyambira 1965 mpaka 1969 anali wachiwiri kwa pulezidenti Lyndon Johnson.

Mwana wanu akamva zimenezi adzati, "Mwaona, nayenso adaphunzira ndale." Zoona, koma adapita chiphaso chili m'thumba. Ndipo taonani zomwe adachita nacho. Mu 1951 iye ndi phungu Carl Durham wa ku North Carolina, yemwenso anali wa za mankhwala, adatsogolera lamulo lomwe mpaka lero limatchedwa ndi maina awo. Lamuloli lidagawa mankhwala pawiri: ogula mwaufulu, ndi ena oti sangaperekedwe popanda kalata ya dokotala. Lidalolanso kuti dokotala apereke chilolezo pafoni, komanso kuti wodwala akatengenso mankhwala omwewo ngati dokotala wavomereza. Kale malire amenewa anali osadziwika bwino, ndipo yemwe ankasauka nawo anali wapakauntala: kasitomala waima apo, ndalama zili m'manja, akuti botolo lomwelija amuwonjezere, iwe sukudziwa ngati kumupatsa n'kuswa lamulo. Vuto lotere salidziwa wongowerenga mabuku a ndale. Amalidziwa yemwe adaimapo pamenepo.

Chitsanzo china ndi Dora Akunyili wa ku Nigeria, amene adaphunzira za mankhwala ku University of Nigeria, Nsukka. Mchemwali wake adamwalira mu 1988 atabayidwa insulin (mankhwala a matenda a shuga) wachinyengo. Mu 2001 adapatsidwa utsogoleri wa NAFDAC, bungwe loona za zakudya ndi mankhwala, ndipo adayamba kutseka misika ya mankhwala abodza ndi kuwotcha katundu wolandidwa anthu akuona. Ochita malondawo sadangomuyang'ana: mu Disembala 2003 adawombera galimoto yake, chipolopolo n'kuboola duku lake. Mu 2008 adakhala nduna yofalitsa nkhani. Dzina adalipanga ndi ntchito ya mankhwala, unduna udabwera pambuyo.

Pali mbali yomwe achinyamata safuna kumva. Akunyili, ndi kutchuka konseko, adagonja pa chisankho cha Senate mu 2011. Humphrey adagwa ulendo woyamba pa umeya mu 1943, adagwanso pa upulezidenti mu 1968. Kwathu kuno mukudziwa nokha kuchuluka kwa aphungu omwe sabwerera ku Lilongwe zaka zisanu zikatha. Wogwa ali ndi ntchito yake amabwerera kuntchito. Wogwa wopanda ntchito amayamba kuvina nyimbo ya chipani chilichonse chomwe chili ndi mbale, ndipo ine andale otere ndi amene ndimawaopa.

Tsono musamuletse za komiti. Mmenemo akuphunzira kuyankhula pagulu, kumva madandaulo, kukambirana ndi akuluakulu, bola magiredi asatsike, chifukwa kosi ya za mankhwala simasewera ndi wojomba. Amalize, alembetse ku PMRA, agwire ntchito zaka zingapo, makamaka pachipatala cha boma pomwe adzadzionere yekha mayi atayenda mtunda wautali n'kuuzidwa kuti mankhwala atha, akagule. Ngati za ndale adzazifunebe m'kalasi, angadzaziphunzire pa digiri yachiwiri.

Adziwiretunso kuti wogwira ntchito m'boma amayenera kutula pansi udindo asanaime pa chisankho cha uphungu. Choncho chaka chomwe adzaganize zoima, akhale atasunga ndalama zodyera miyezi ingapo, kapena atatsekula famase yakeyake.