Akuitanani ku kampani yaikulu ya IT? Funsani kaye za pulojekiti

Mnyamata wina wa ku Lilongwe watumiza imelo. Wapeza ntchito ku Johannesburg, ku imodzi mwa makampani aakulu a ku India a IT (ntchito za makompyuta), ndipo akufunsa kuti: "Kodi ndikaphunzirako zambiri, kapena ndikangokhala nambala?"

Achimwene, musakomedwe ndi dzina la kampani. TCS ya ku Mumbai ili ndi antchito pafupifupi 600,000, Infosys oposa 300,000. Pagulu lotere, anthu awiri akhoza kukhala moyandikana, malipiro ofanana, wina akumanga sisitimu yatsopano ya banki pa cloud (makompyuta obwereka a pa intaneti) pomwe mnzake tsiku lonse akungokonzera anthu ma password oiwalika. Pakatha zaka zitatu, woyambayo makampani amamulimbirana. Winayo sangachoke, chifukwa alibe choonetsa. Chowasiyanitsa ndi pulojekiti ya kasitomala yomwe aliyense anagwera.

Makampaniwa amagulitsa maola anu. N'chifukwa chake Lachisanu lililonse mumadzaza timesheet, fomu yolembapo maola omwe mwagwira, ola lililonse pa nambala ya pulojekiti yake. Ola lomwe kasitomala salipira, kampani imaliwerenga ngati ndalama yotayika. Pulojekiti ikatha osapeza ina, mumapita pa bench: malipiro akubwera, ntchito palibe. Atsopano amasangalala nazo, ati tchuthi. Si tchuthi ayi. Mu June 2025, TCS inalamula kuti munthu aliyense agwire masiku 225 olipiridwa ndi kasitomala pachaka, ndipo asapitirire masiku 35 pa bench. Mwezi wotsatira inalengeza kuti ichotsa antchito pafupifupi 12,000. Ndiye mukamva kuti pulojekiti yanu yatsala miyezi iwiri, yambani pompo kugogoda kwa mamanijala ena, osadikira kuti a HR, ofesi yoona za antchito, akukumbukireni.

Palinso nkhani ya nthawi, yomwe ambiri saiganizira. India ili patsogolo pa Johannesburg ndi maola atatu ndi theka, choncho msonkhano wa 9:30 m'mawa mumzinda wa Bengaluru ku India ndi 6 koloko kwa inu, m'nyengo yozizira kunja kudakali mdima.

Mukaikidwa ku support, kokonza mavuto a masisitimu omwe akugwira kale ntchito, bwana wanu weniweni ndi SLA, pangano la nthawi yomwe vuto liyenera kuyankhidwa ndi kukonzedwa. Tiketi (lipoti la vuto) ya P1, yofulumira koposa monga sisitimu itagwa, kawirikawiri imafuna yankho m'mphindi 15 kapena 30, kaya ndi 2 koloko usiku foni ili kwa inu. Pamene zimalakwika ndi apa: wotchi ikamathamanga, anthu amangozimitsa seva (kompyuta yoyendetsa sisitimuyo) n'kuyatsanso, n'kutseka tiketi. Lipoti la mwezi lioneka bwino, koma chomwe chinagwetsa sisitimuyo, monga kudzaza kwa disiki, sichinafufuzidwe, ndipo Lolemba vuto lomwelo labwereranso. Ine ndikuti timu yomwe imayamikira munthu chifukwa cha kuchuluka kwa matiketi otsekedwa imapha luso, ndipo munthu wofuna kukhala injiniya asakhalemo kupitirira zaka ziwiri. Koma pali chomwe malo amenewa amaphunzitsa bwino kuposa kampani yaing'ono: mwambo wosintha zinthu pa sisitimu yomwe anthu ambirimbiri akugwiritsa ntchito. Kupempha chilolezo, kuyesa kaye pambali, kulemberatu njira yobwezera zinthu zikavuta. Zimatopetsa, koma mabanki amalemba ntchito anthu odziwa zimenezo.

Musanasayine

Funsani kuti kasitomala ndi wa mtundu wanji, kontilakiti yake itha liti, ndiponso ngati ntchitoyo ndi yomanga zatsopano kapena ya support. Akayankha kuti "tidzaona mukabwera", dziwani kuti mwina muyambira pa bench. Funsaninso kuti mashifti a usiku amalipira bwanji, ndipo visa yanu idzatani pulojekiti ikatha. Onetsetsani notisi, nthawi yodziwitsiratu musanasiye ntchito: ku India makampaniwa anazolowera masiku 90, pomwe lamulo la South Africa limayambira pa masabata anayi kwa amene wagwira kupitirira chaka, ngakhale kontilakiti ikhoza kuwonjezera. Akakulipirirani mayeso a cloud a AWS (ya Amazon) kapena Azure (ya Microsoft), werengani bwino ngati mudzabweze ndalamazo mukachoka msanga.