Mtolo wa nyimbo umayamba ndi luzi

Sabata yatha ndinalandira imelo yochokera kwa mayi wina wophunzitsa ku pulayimale ku Dwangwa. Akuti makutu awo atopa. Akakwera minibasi kuchoka ku Dwangwa mpaka pa Kamuzu Road kuno ku Salima, nyimbo ndi zomwezomwezo. Ku chinkhoswe zomwezo, pa foni ya mwana wawo zomwezo. Iwo mtima wawo uli pa oyimba amene amapeka okha mawu n'kudziyimbira okha gitala kapena banjo. Ndiye akufunsa kuti anthu oterewa ndimawapeza kuti, mitolo ya nyimbo imene ndimatumizira anzanga ija ndimaimanga bwanji, komanso ngati iwo atayamba kugawa yawo pa WhatsApp sangapalamule.

Achemwali, zikomo polemba. Mafunso awiri oyambawo ndiwayankhira pamodzi, pakuti kwa ine ndi funso limodzi.

Poyamba ndinkangotola. Nyimbo ikandikomera, ndaiponya m'foda imene ndinaitcha "zabwino". Foda ija inadzaza mpaka palibe amene anaimverapo kufika kumapeto, ngakhale mwini wakene. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Mayi anga akamapita kunkhuni ankayamba asenda luzi, ndipo luzilo ndi limene linkalamula kukula kwa mtolo. Pa nyimbo luzi lake ndi mutu. Musanasake woyimba aliyense, sankhani nkhani imodzi yopapatiza: mvula yoyamba, apongozi, ngongole ya banki m'khonde, mwamuna amene anapita ku Joni osatumiza kanthu. Osati "chikondi". Chikondi si luzi, ndi nkhalango yonse.

Mutu ukapapatiza, funso limene mumafunsa anthu limasintha, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani. Mukafika pamalo n'kufunsa kuti kodi kuno kuli woyimba, akulozerani mnyamata wotchena amene amatengera mawu a woyimba wa pa wailesi, kapena akupatsani nambala ya mkulu wa kwaya. Sakunamizani, ndiwo amene mudziwo umawatcha oyimba. Koma tafunsani kuti ndani ali ndi nyimbo yonena za chakuti. Anthu amakhala kaye chete, kenako wina amaseka n'kutchula munthu amene palibe ankamuganizira.

Chaka china mu Julayi ndinkamanga mtolo wa nyimbo za mwera. Ndinatsikira ku gombe ku Senga Bay m'mawa, nyanja itakwiya, mabwato onse ali kumtunda, asodzi atangokhala pa mchenga kusewera bawo. Ndinafunsa mayi wina amene ankatembenuza usipa wadzulo pa thandala. Anandiyang'ana ngati ndasokonekera mutu, kenako anati ndipite kwa mnyamata wosoka chilimira kuseri kwa mashedi. Ndinamupeza ukonde uli pamiyendo, chala chachikulu cha kuphazi chitakoka ulusi. Anakana kaye kuti iye sayimba. Anzake atamuseka analowa m'kanyumba n'kutulutsa banjo ya chigubu cha mafuta, nsambo zake za waya wa mabuleki a njinga, zokungira zake zosema ndi mpeni. Anatenga nthawi yaitali akukunga, khutu lili pa chigubu chifukwa cha mkokomo wa mafunde. Nyimbo yake inali ya mkulu wake amene anali siginala, uja amatsogola pa bwato ndi nyali kuitana usipa usiku. Ananyamuka nyanja ili bata, mwera unadzuka pakati pa usiku, m'mawa kunangobwera bwato. M'nyimbo yonse sanatchule imfa ngakhale kamodzi. Ankangofunsa nyali kuti inazimira pati. A bawo aja anasiya kusewera.

Munthu ameneyu ndikanafunsa za "oyimba" sindikanamupeza. Ndipo ndinamutaya ndekha, mwa kupusa kwanga. Ndinajambula pa foni, dzina lake ndinalemba pa kapepala kamene kanachapidwa limodzi ndi buluku, ndipo fayilo ndinaitumiza kwa anzanga momwemo, ili ndi dzina la zilembo ndi manambala limene foni imapereka yokha. Patapita miyezi ndinaimva ikulira pa sipika ya mnyamata wina wobena nyimbo pa msika, ataimata dzina la woyimba wina wotchuka kuti iyende malonda. Nditabwerera ku gombe anandiuza kuti gulu lake linasamukira kumpoto kutsata usipa. Mpaka lero nyimbo ikuyenda, mwini wake alibe dzina. Choncho musanatumize chilichonse, sinthani dzina la fayilo: dzina la woyimba, dzina la nyimbo, malo, chaka. Pa WhatsApp itumizeni ngati document kuti dzinalo lisafufutike. Ine masiku ano ndimapemphanso woyimbayo kuti atchule yekha dzina lake ndi mudzi wake kumayambiriro kwa chojambulacho, chifukwa dzina la fayilo munthu angasinthe, koma kudula mawu ambiri amachita ulesi.

Zimenezi si nzeru zanga. Hugh Tracey, amene anayendayenda ndi makina ojambulira m'dziko muno m'zaka za m'ma 1950, ankalemba amene wayimba, chilankhulo ndi malo. N'chifukwa chake zojambula zake, zosungidwa ku International Library of African Music ku Rhodes University ku South Africa, mpaka pano munthu angazilondole kuti bangwe uyu analira kuti. Ife tili ndi makina oposa ake m'thumba, koma timalephera kulemba mzere umodzi.

Chimandiwawa n'chakuti oyimba athu a mtundu umene mukufunawu kawirikawiri amayamba kutoledwa ndi odutsa. Malawi Mouse Boys ankagulitsa mbewa m'mbali mwa msewu pamene Ian Brennan wa ku America anaima n'kuwamva. Yobu Maligwa ndi Yosefe Kalekeni a Madalitso Band anayimba m'misewu ya Lilongwe zaka zambiri, wina pa babatoni, chida chachikulu cha nsambo imodzi, wina pa gitala ndi ng'oma ya kuphazi, anthu akuwaponyera makobidi n'kumapita. Mu 2017 anakayimba ku Sauti za Busara ku Zanzibar, kenako ku Ulaya, ndipo m'pamene ambirife tinayamba kunena kuti ndi athu. Agogo a Giddes Chalamanda, obadwa mu 1930 ku Chiradzulu, sanasiyepo kuyimba, koma achinyamata anawatembenukira Patience Namadingo atakhala nawo pansi n'kuyimba nawo mu 2020, nyimbo imene anayimbira limodziyo n'kudzafalikira pa TikTok. Onsewa sanali obisika. Tinkawadutsa tikuthamangira minibasi.

Malo ena osakako ndingowatchula mothamanga. Mawailesi a m'madera, monga Nkhotakota Community Radio kwanuko, amalandira nyimbo za anyamata ndi atsikana a m'deralo zimene simungazimve pa wailesi zazikulu. Pezani woulutsa mawu mmodzi, muuzeni mutu wanu, muona akukumbukira zimene anaziwulutsa kamodzi kokha. Anyamata a timasitudiyo ta kuseri kwa magolosale nawonso amadziwa amene anabwera ndi gitala yake osati kudzapempha biti ya pa kompyuta. Ku zoyimbayimba zazikulu pitani masana. Lake of Stars inachitikira kuno ku Salima mu 2018 ndi ku Nkhotakota mu 2024, ndipo Sand Music Festival imene anayambitsa malemu Lucius Banda yachitikapo kangapo pa mchenga wa Salima. Usiku ndi wa mayina akuluakulu, koma dzuwa likali pamutu, anthu ali ku nyanja kusamba, m'pamene pamakwera mtsikana ndi gitala yake kuyimbira mipando. Tumaini ku Dzaleka, imene inayamba mu 2014, kulowa n'kwaulere, ndipo kumeneko mumva Chiswahili, Kirundi ndi Chichewa pa tsiku limodzi.

Za pa intaneti musayembekezere zambiri. Spotify inatsegulidwa kuno mu 2021, Audiomack ndi YouTube ziliponso, koma makinawa amakupatsani zofanana ndi zimene mwamvera kale ndi zimene ambiri akumvera. Woyimba amene wamveredwa ndi anthu makumi awiri sangakubweretsereni. Chimene chimandithandiza ine ndi kuwerenga timawu ta pansi pa vidiyo: anayimba gitala ndani, anavomereza ndani. Wovomereza wa lero nthawi zambiri ali ndi kope lake la nyimbo pansi pa pilo.

Tsopano kamangidwe. Muyeso wanga ndinautenga ku kaseti. Kaseti ya C90 inkatenga mphindi 45 mbali imodzi, ndipo ife amene tinakula tikubweza tepi ndi bolopeni tikudziwa kuti mphindi 45 ndi pamene khutu limafuna kupuma. Zimenezo ndi nyimbo khumi kapena khumi ndi ziwiri, basi. Pali phindu linanso: mp3 ya 128 kbps imadya pafupifupi 1 MB pa mphindi, ndiye mtolo wonse sufika 50 MB, ndipo mnzanu wa bandulo yochepa sakutukwanani. Mukakhala pamodzi ku sitafu rumu, Bluetooth kapena Xender sizidya kanthu.

Yoyamba ikhale yodziwika, imene munthu akaimva agwedeze mutu n'kukhazikika. Wosadziwika wanu muikeni wachiwiri kapena wachitatu, omvera asanayambe kuyankha mafoni. Mlendo salowa pa bwalo yekha, amalowa ndi mwini mudzi. Ndinayesapo kumanga mtolo wa osadziwika okhaokha, ndikudzitama kuti ndikutukula luso. Anzanga anayamikira mwaulemu, koma nditawafunsa za nyimbo yachisanu ndinaona kuti palibe anafikako. Mawu a Allan Namoko kapena gitala ya Daniel Kachamba ikatsogola, mnyamata wa banjo ya chigubu amamveka ngati mdzukulu wawo, ndipo khutu limamulandira.

Musaope kusakaniza. Nyimbo imodzi sachezera gule. Ngati mutu uli umodzi, kwaya ya Katolika, kaswida ya amayi a ku Nkhotakota, rege ya ku Chileka ndi nyimbo ya chioda zingagone m'mtolo umodzi osakandana, ndipo kukoma kwake n'kumva momwe aliyense akuizungulira nkhani yomweyo. Ku mtolo wa apongozi ndinaika nyimbo ya pamtondo imene azakhali anga anandiyimbira akuseka, pakati pa nyimbo ziwiri za mu situdiyo, ndipo ndi imene anthu anandifunsa kwambiri. Chovuta n'chakuti zojambula pa foni zimamveka motsika kuposa za mu situdiyo, munthu amangokhalira kukweza ndi kutsitsa. Pulogalamu yaulere ya Audacity pa kompyuta imatha kuzilinganiza. Pojambula, thawani mphepo: lowani m'nyumba ya udzu, osati ya malata, foni muiike pa mpando pafupi ndi woyimba, pansi pake mutayala chitenje.

Ndipo lembani kamzere kamodzi pa nyimbo iliyonse, kunena chifukwa chake ili pamenepo. Osati mbiri yonse ya woyimba. "Tamverani pamene mawu akumuthera m'ndime yachitatu" n'kokwanira.

Funso lanu lomaliza ndi limene ndinazengereza nalo, chifukwa inenso manja anga si oyera. Inde, mungapalamule. Nyimbo ili ndi mwini wake, ndipo lamulo la Copyright Act la 2016 limateteza wopeka ndi woyimba. Kukopera ndi kugawa popanda chilolezo n'kulakwa ngakhale simukugulitsa. Bungwe la COSOMA, limene lakhalapo kuyambira 1992, ndi limene limatolera ndalama m'malo mwa eni nyimbo n'kuwagawira. Ndikudziwa kuti m'dziko muno nyimbo zimayenda pa memore ndi pa fulashi ngati moto wa m'tchire, ndipo oyimba ena amatumiza okha nyimbo zawo m'magulu kuti zifale. Koma kusankha kumeneko n'kwa mwini nyimbo, osati kwa inu ndi ine.

Ndiye ndimachita chonchi. Nyimbo imene ili kale pa YouTube, Audiomack kapena Spotify, pa tsamba la mwini wake, ndimatumiza linki, kuti kumvera kulikonse kuwerengedwe kwa iye. Anzanga ena amadandaula kuti malinki amadya bandulo, ndipo akunena zoona. Ndimangowauza kuti amvere usiku kapena akapeza Wi-Fi. Fayilo yeniyeni ndimatumiza ya okhawo amene ndawajambula ndekha ndipo avomera, nditawafotokozera bwinobwino kuti ikangotuluka sindingathe kuibweza. Ena amakana, makamaka nyimbo ikakhala yokhudza banja lawo kapena ya kumaliro, ndipo ndimaisiya. Za kudambwe ndi za ku chinamwali sindijambula n'komwe. Amene avomera ndimawapatsa kangachepe pompo, ndipo akalola ndimaika nambala yawo ya Airtel Money kapena Mpamba pansi pa dzina lawo. Si ambiri amatumiza. Koma mayi wina wa kwaya ku Khombedza anandiimbira foni akuseka kuti walandira ya sopo kuchokera kwa munthu wa ku Johannesburg amene sakumudziwa. Amene ali ndi nyimbo zingapo ndipo akuoneka kuti apitiriza, ndimamuuza akalembetse ku COSOMA nyimbo zake zisanayende.

Inu muli pabwino kuposa ine, achemwali. Ku Dwangwa nzimbe zinasonkhanitsa anthu a zilankhulo zambiri, Atonga, Achewa, Atumbuka, Alomwe, Asena, ndipo munthu amene ali kutali ndi kwawo sasowa choyimba. Ndikanakhala inu ndikanayamba ndi mutu wa tsiku la malipiro, kapena wa kudula nzimbe zowotcha m'bandakucha, n'kufunsa makolo a ana anu akabwera ku msonkhano wa sukulu. Afunseninso alonda. Mlonda amakhala ndi usiku wonse ndipo ambiri ali ndi kena kake kokhala ndi nsambo.

Ine pano ndikumanga wa kabaza. Ndili nazo zisanu ndi ziwiri, zonse zoyimba amuna, zonse zodandaula za matayala ndi makasitomala okana kulipira. Ikusowa ya wokwera kumbuyo, makamaka ya mayi amene wakhala chammbali pa kaliyala, mwana kumsana, dengu la tomato pamiyendo, akutsika chitunda ndi njinga yopanda mabuleki. Mukaimva kwanuko, mufunse kaye dzina.