Nyale za mu situdiyo kwa wojambula amene akuyamba kumene: yankho kwa achimwene a ku Ngabu

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mnyamata wina wa ku Ngabu amene wagula kamera ya Canon yogwirapo kale ntchito, ndipo wapeza kachipinda ka lendi pafupi ndi msika momwe akufuna kutsegulamo situdiyo yojambulira anthu. Akufunsa kuti agule nyale zotani popeza ndalama zatsala zochepa, ndipo wanditumizira chithunzi cha zida zimene waona zikutsatsidwa pa Facebook, zomwe ndi masitandi atatu, ma softbox atatu (mabokosi a nsalu ofewetsa kuwala) ndi mababu ake, zonse m'chikwama chimodzi.

Achimwene, zida zimenezo musagule. Ndikudziwa kuti zimakopa chifukwa zikaimikidwa chipinda chimaoneka ngati situdiyo yeniyeni, koma mababu ake kawirikawiri amawala mofooka, moti mumakakamizika kukweza ISO, nambala imene imachititsa kamera kumva kuwala kwambiri, mpaka chithunzi kuoneka ngati chathiridwa mchenga. Chachikulu n'chakuti zimadalira magetsi a pakhoma. Tonse tikukumbukira mmene zinalili namondwe wa Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, pamene magetsi anakhala akuthimathima kwa miyezi yambiri, ndipo kasitomala amene wavala bwino n'kupalasa njinga kuchokera kumudzi sangabwererenso kwa inu mukamuuza kuti adikire magetsi ayake. Nyale za halogen, zimene ena amagulitsa motchipa, n'zosayenera konse kuno kuchigwa, chifukwa m'mwezi wa Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo kuyatsa nyale yotentha ngati mbaula m'chipinda cha malata n'kuzunza munthu amene mukumujambula.

Chimene ndikukulangizani ndi fulashi imodzi yoyendera mabatire, yoikidwa pa sitandi patali ndi kamera, ndipo kuwala kwake kuzidutsa pa ambulera yoyera. Fulashi ngati Godox TT600 kapena Yongnuo YN560 IV imadya mabatire anayi a AA ndipo mphamvu yake mumaisintha nokha kuyambira pa 1/1, yomwe ndi mphamvu yonse, mpaka pa 1/128, yomwe ndi yochepetsetsa. Kuti iziyaka mukadina kamera, pamafunika kachipangizo kotchedwa trigger kamene kamakhala pamwamba pa kamera, ndipo kayenera kukhala ka kampani imodzimodzi ndi fulashiyo. Mukasankha Godox, onetsetsani chilembo chakumapeto kwa dzina la trigger, chifukwa X2T-C ndi ya Canon pamene X2T-N ndi ya Nikon. Musaiwale kachitsulo kolumikizira fulashi ndi ambulera pa sitandi, kamene ambiri amakakumbukira atafika kale kunyumba kuchokera ku Blantyre.

Chifukwa chimene ndikuumirira ambulera n'chakuti kufewa kwa kuwala kumadalira kukula kwa chinthu chimene chikuwalitsa komanso kuyandikira kwake. Fulashi yopanda kanthu ndi yaing'ono, ndiye imaponya kuwala kouma kumene kumasiya chigamba chonyezimira pamphumi ndi pamphuno, komanso chithunzithunzi chakuda pakhoma. Khungu lathu lakuda limanyezimira msanga, makamaka munthu akachita thukuta, choncho limaoneka bwino kwambiri kuwala kukachokera pa chinthu chachikulu chimene chili pafupi, chifukwa kunyezimirako kumayala mofatsa pamasaya n'kuonetsa maonekedwe enieni a nkhope. Imikani ambulera cham'mbali mwa kamera, pamwamba pang'ono pa maso a munthuyo, pafupifupi mita imodzi kuchokera pamene wakhala. Mukaisuntha kufika mamita awiri, kuwala kumene kumamufika kumatsika n'kukhala gawo limodzi mwa magawo anayi, ndipo lamulo limeneli mudzaligwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku. Pojambula munthu mmodzi muziyandikiza nyale, koma pojambula banja lonse muziibweza m'mbuyo ndi kuwonjezera mphamvu, kuti amene ali pafupi asawale kwambiri pamene akutali ada.

Poyambira, ikani kamera pa ISO 100, kabowo kolowera kuwala mu lenzi pa f/5.6 ndi liwiro la shata (chitseko cha kamera) pa 1/160 ya sekondi, ndipo fulashi ikhale pa 1/4. Makamera ambiri sagwirizana ndi fulashi mukapitirira 1/200 kapena 1/250, ndipo mukatero mudzaona mzere wakuda m'mphepete mwa chithunzi. Jambulani, yang'anani, kenaka musinthe mphamvu ya fulashi yokha mpaka nkhope ioneke bwino.

Mbali ina ya nkhope idzakhala mumdima, ndipo apa ndi pamene anthu amathamangira kugula nyale yachiwiri pamene chofunika ndi chobwezera kuwala basi. Ma reflector opindika amagulitsidwa, koma bolodi lopakidwa penti yoyera, nsalu yoyera, kapena chotchingira dzuwa chonyezimira cha pagalasi la galimoto zimagwira ntchito yomweyo. Chobwezera kuwalachi chidzakuthandizani kwambiri pa ntchito imene imavuta ojambula ambiri, yojambula mkwatibwi kapena amayi a Mvano atavala zoyera, chifukwa chimakweza kuwala pankhope popanda kuwonjezera mphamvu ya fulashi mpaka chovala kuyera mbee osaonekanso ulusi. Makoma a chipindacho muwapake zoyera kapena zotuwa, popeza khoma lobiriwira kapena lofiira limapaka mtundu wake pakhungu la munthu. Muzikhalanso ndi timapepala tofewa topukutira thukuta, ndipo muzimupatsa kasitomala mphindi zingapo kuti apume asanakhale pampando.

Ndalama zimene zatsala muziike pa mabatire abwino otchaja a mtundu wa NiMH, monga Eneloop, osachepera asanu ndi atatu kuti anayi akamagwira ntchito ena anayi azikhala odzadza. Chaja yoyendera USB ndi yabwino chifukwa imatheka kulumikiza ku sola. Kutentha kumafupikitsa moyo wa mabatire, choncho musawasiye padzuwa kapena pafupi ndi denga, ndiponso musamawombe fulashi pa mphamvu yonse kambirimbiri motsatizana, chifukwa ikatentha imayamba kuchedwa pofuna kudziteteza. Mukapita kukajambula chinkhoswe panja, mangirirani kathumba ka mchenga kumiyendo ya sitandi, chifukwa ambulera imakoka mphepo ndipo ikagwa imagwa ndi fulashi yomwe.

Ngati m'tsogolo mudzafune kujambulanso mavidiyo, pamenepo mudzafunika nyale ya LED, ndipo mudzasankhe yolembedwa 5600K, imene kuwala kwake kumafanana ndi kwa masana, yokhala ndi CRI (muyeso wa mmene nyale imaonetsera mitundu molondola) yosachepera 95 kuti khungu lisaoneke lobiriwira kapena lotumbuluka. Chida chilichonse cholumikiza pakhoma muziwerenga kaye chizindikiro chake, chifukwa magetsi athu ndi a mavolti 230 ndipo zina zochokera ku America zinapangidwira 110 okha.

Pogula fulashi yogwirapo kale ntchito, tengani kamera yanu ndi mabatire anu, tsegulani pamalo polowera mabatire kuti muone ngati palibe dzimbiri kapena ufa woyera, ndipo muiwombe pa mphamvu zosiyanasiyana musanapereke ndalama. Mukaigula, jambulani abale anu kwa sabata ziwiri musanalandire kasitomala woyamba, ndipo munditumizire zithunzi zitatu pamodzi ndi manambala amene munaika pa kamera ndi pa fulashi kuti tidzaone limodzi pofunika kukonza.