Kwa mayi amene mwana wawo wabwereza sitandade 2 kawiri

Mayi, ndawerenga funso lanu lija. Mwati mwana wanu wa zaka 9 wabwereza sitandade 2 kawiri, mukamuitana atakufulatirani sayankha, khutu limodzi limatuluka mafinya nthawi ndi nthawi, ndipo aphunzitsi ake akuuzani kuti "ameneyu ngwa special, mupite naye kwina". Ndiye mukufunsa ngati muno m'Mangochi muli thandizo kapena mungomusunga pakhomo. Ine ndine mphunzitsi wa kupulayimale, ndimagwira makalasi ang'onoang'ono omwewa, choncho ndiyankha motalikirako, mupirire nane.

Musamuchotse pasukulu, chonde. Lamulo la maphunziro la 2013 limati pulayimale ndi yokakamiza kwa mwana aliyense, ndipo lamulo la anthu aulumali, la 2024 limene lidalowa m'malo mwa lija la 2012, sililola kuti mwana akanizidwe sukulu chifukwa cha ulumali. Mu 2017 unduna wa zamaphunziro udatulutsa ndondomeko yoti ana otere aziphunzira limodzi ndi anzawo pasukulu ya kufupi ndi kwawo. Mphunzitsi alibe mphamvu yothamangitsa mwana wanu. Mnzangayo sindikumuweruza kwambiri, chifukwa ndikudziwa mmene mutu umazungulirira ukakhala ndi ana opitirira 100 wekhawekha, ena atakhala mpaka pakhomo. Koma mawu adakuuzaniwo ngolakwika, ndipo amandipweteka, chifukwa makolo ambiri akangowamva amagwa mphwayi, mwana n'kutherapo pomwepo.

Yambirani kuchipatala, sabata inoyi. Khutu lotuluka mafinya kwa nthawi yaitali nthawi zambiri limakhala kuti kachikopa ka m'kati kaja kadabooka. Mwana wotere si kuti samva chilichonse ayi. Phokoso amalimva, koma mawu sawasiyanitsa bwino, makamaka pagulu. Tsono taganizani, ali kumbuyo kwa kalasi, anzake akusokosera, kunja mwera ukuwomba, mphunzitsi akulankhula nkhope ili kubolodi. Mwanayo amangoona milomo ya anzake ikuyenda, nayenso n'kumatsatira osadziwa chimene akunena. Teremu ikatha timati ndi wofooka m'mutu, pamene vuto lili m'khutu. Pitani naye kuchipatala chaching'ono cha kwanuko, mukapemphe kuti akutumizeni kuchipatala cha boma pa Mangochi pano. Akaona kuti pakufunika kuyeza mamvedwe ndi makina, ku Queens ku Blantyre kuli kiliniki ya zimenezo, ndipo ndi komwenso angaone ngati tizipangizo tothandiza kumva tingamuthandize. Pakadali pano musamuthire mafuta kapena madzi a zitsamba m'khutumo, musamutokose ndi nthenga kapena kamtengo ka machesi, ndipo asamamize mutu posamba kunyanja kapena mu Shire, poti madzi akalowa mafinya amayambiranso. Ndikudziwa kuti kuletsa mwana wa kunyanja kusambira ndi nkhondo, koma yesetsani.

Mukakafika kwa adokotala mukafotokoze zonse, ngakhale zakale. Ngati adadwalapo malungo aakulu aja okomoka nawo, mukanene, chifukwa malungo amenewa amatha kusiya vuto la kumva, khunyu kapena kuchedwa kugwira zinthu. Khunyu lina siligwetsa munthu, mwana amangoti duu maso ali pamodzimodzi kwa kanthawi kochepa kenako n'kubwereramo. Chilichonse chimene apeze chilembedwe m'buku lake la kuchipatala. Buku limenelo mukalisunge bwino, ndi limene likakulankhulireni kusukulu.

Pali chinanso chimene kuno kwathu timachiiwala. Ana ambiri a m'Mangochi amakula akulankhula Chiyao, akafika sitandade 1 amakumana ndi Chichewa ndi Chingerezi nthawi imodzi. Mwana amene akumva mwa apo ndi apo, komanso m'chilankhulo chimene sadakule nacho, wasenza katundu pawiri. Tamuyesani nokha madzulo. Mukhale naye pamkeka pamalo a phee, muyang'anizane, mumuuze kanthano m'chilankhulo cha pakhomo panupo, kenako mumufunse kuti kalulu adatani. Mumutume zinthu zitatu nthawi imodzi, monga kutenga mchere, kutseka chitseko ndi kuitana mlongo wake. Ngati amapita ku madrasa, afunseni a mwalimu kuti akakhala naye pafupi amaloweza bwanji. Akamachita bwino pa zimenezi, dziwani kuti nzeru zilimo, ndipo mukawauze aphunzitsi zomwe mwaonazo.

Tsopano mfundo imene ndikufuna muigwiritsitse ndi iyi: dzina la mwana lilembedwe. Chaka chilichonse sukulu zimatumiza ku unduna chiwerengero cha ophunzira, kuphatikizapo amene ali ndi vuto la kumva, la kuona, la kuyenda kapena la kuphunzira. Kathandizo kochepa kamene kalipo kamatsata mayina amene ali m'kaundula. Mwana amene sadalembedwe, kwa a boma ndiye kuti kulibe. Choncho mukachoka kuchipatala pitani kwa ahedi, osati kwa mphunzitsi wa m'kalasi yekha. Muwaonetse bukulo, mupemphe kuti alembedwe pa ana ofunika thandizo lapadera, ndipo mufunse kuti mphunzitsi wa special needs wa zoni yanu angabwere liti kudzamuona. Aphunzitsi amenewa amaphunzitsidwa ku koleji ya Montfort ku Nguludi, m'boma la Chiradzulu, ena za ana osamva, ena za ana osaona, ena za ana ovutika kuphunzira. Ena amakhala pa resource centre, kumene mwana amakathandizidwa payekha kwa maola angapo n'kubwereranso m'kalasi mwa anzake, ena amayendera sukulu za m'zoni. Ndi ochepa kwambiri, sindikubisirani, ndipo boma lathuli ndi lalikulu. Kuchoka ku Makanjira kukafika ku Chilipa kapena ku Nankumba si pafupi, mayendedwe amawavuta. N'chifukwa chake amathamangira kumene akuitanidwa mobwerezabwereza. Ahedi akamazengereza, pitani ku TDC, likulu la aphunzitsi a m'zoni yanu, mukaonane ndi a PEA, mlangizi woyang'anira sukulu za m'zonimo. Kumeneko kukakanika, ku ofesi ya zamaphunziro paboma kuli ofesala woona za ana amenewa. Mupite mwaulemu, koma musatope kubwererako.

Kulembetsaku kudzakuthandizaninso kutsogolo. A MANEB amakonzera ana otere mayeso a sitandade 8 mwapadera, monga mapepala a zilembo zikuluzikulu, a bulelo kwa osaona, ndi nthawi yoonjezera, koma amatero pokhapokha sukulu itanena polembetsa mayeso.

Podikira katswiriyo, pali zinthu zosalira ndalama zimene mphunzitsi wamba angachite mawa lomwe. Ndidakhalapo ndi kamtsikana kena m'kalasi mwanga, kachete, kokonda kukhala pakona kumbuyo. Agogo ake ndi amene adandiuza kuti khutu lakumanzere lidafa kalekale. Ndidakasamutsira kutsogolo, mbali yoti khutu lamoyolo liziloza kwa ine. Ndidasiya kulankhula ndikulemba pabolodi, ndimayamba ndalemba, n'kutembenuka, n'kunena nkhope ikuoneka. Ndidakapatsa mnzake wokhala naye pafupi woti azikaloza ndi chala pamene tafika m'buku. Tsiku lina tikuwerenga maphatikizo ndidangoona kadzanja kali m'mwamba, kakunjenjemera, koyamba chilowereni m'kalasi mwanga, ndipo kadawerenga "nsomba" bwinobwino anzake n'kuwomba m'manja. Zimenezi ndi zimene mukapemphe: akhale kutsogolo, aphunzitsi azimuyang'ana polankhula, akhale ndi mnzake womuthandiza, ndipo asamenyedwe chifukwa chosayankha.

Za sukulu zapadera zija akunenazi, zilipodi. Za ana osamva zili ku Mua m'boma la Dedza, ku Maryview ku Chiradzulu ndi ku Mountain View ku Thyolo, ndipo ana amagonera komweko. Kwa mwana amene samva n'komwe, amene akufunika chilankhulo cha manja, kumeneko ndi kwabwino ndipo sindingaletse. Koma malo ndi ochepa, ndi kutali, ndipo kwa mwana ngati wanuyu, amene akuoneka kuti akumva pang'ono komanso amalankhula, ine ndikuona kuti kuli bwino ayambe wathandizidwa ali pafupi ndi inu. Chigamulo chimenecho chibwere pambuyo poyezedwa, osati chifukwa mphunzitsi watopa. Kwa ena amene mukuwerenga muli ndi ana osaona, ku Nkope konkuno ku Mangochi kuli malo othandizira ana otere. Amene muli ndi ana achialubino, ambiri mwa iwo saona patali, ndiye nawonso akhale kutsogolo, aloledwe kuvala chipewa ndi malaya a manja aatali, ndipo a APAM, bungwe la anthu achialubino, muwadziwe.

Musayende nokha pankhaniyi. Amayi a mother group pasukulu panupo muwafotokozere, amadziwa kulankhula ndi ahedi. Pamsonkhano wa makolo muime mufunse komiti ya sukulu kuti pa ndalama zotukulira sukulu za SIG zimene boma limapereka, ndi zingati zapita kwa ana aulumali, chifukwa pakapanda wofunsa zimathera ku zina. Kulinso bungwe la makolo a ana aulumali la PODCAM, bungwe la boma loona za anthu aulumali la MACODA limene kale tinkalitchula kuti MACOHA, ndi ofesi ya social welfare paboma.

Pakhomo pano, muletse aliyense kumutchula kuti gonthi kapena chitsiru, ngakhale mocheza. Chimene ndimaopa kwambiri kwa anyamata a msinkhu uwu kuno n'chakuti akabwereza kawiri katatu, anzawo n'kumawaseka kuti ndi atate a kalasi, amangotsetserekera kudoko kukakoka makoka ndi kuyanika usipa, ndipo kumubweza mwana amene walawa ndalama ya kunyanja n'kovuta zedi. Wanuyu akadali ndi mtima wopita kusukulu, ndiye nthawi yake ndi inoyi.

Mutiuze zoni imene muli, dzina la mwana ndi la sukulu musalembe pano ayi. M'gulu muno muli aphunzitsi ambiri, mwina wina akumudziwa wa special needs wa kumeneko ndipo angakulumikizeni. Mukabwerako kuchipatala mudzatiuzenso zimene apeza, kuti tidzaone pamodzi chokawauza ahedi.