Musamupatse mutu womaliza, achemwali

Achemwali, imani kaye, fayiloyo musatumize. Munthu amene akuti mumupatse buku lonse pa WhatsApp kuti akaonetse abwana ake, koma pangano lolemba palibe, ameneyo ndikumudziwa ngakhale sindinamuonepo. Ndawerenga zimene mwalemba muno za buku lanu ndi munthu amene akuti alisindikiza mtima ukugunda, poti ine zinandionekera mu 2019 ndipo bala lake silinapole.

Nane ndimalemba zonga zanuzo, chikondi chokhala ndi chinsinsi mkati, za ana amene angomaliza Form 6 kapena ali ku koleji, ayamba kulipira lendi ya kachipinda kawo, akusaka ntchito, akonda munthu amene kwawo sakumufuna. Yanga inali ya mtsikana wa ku Rugare kuno ku Harare, m'Zimbabwe, mdzukulu wa agogo amene anachoka ku Dedza kudzagwira ntchito ya njanji. Mchimwene wake anapezeka atafa m'mbali mwa njanjiyo, ndipo mnyamata amene anthu onse ankamuloza chala ndi yemweyo amene mtsikanayu anayamba kumukonda. Ndinkailemba m'Chichewa chathu cha kuno, chothira Chishona apa ndi apo monga timayankhulira pakhomo. Mukukumbukira mmene magetsi ankavutira chaka chimenecho, kuzima mbandakucha kubwera anthu atagona. Masana ndinkaluka tsitsi, usiku ndikadzuka kutchaja foni ndi kulemba ndi chala chimodzi mpaka maso kuwawa. Mitu yoyambirira ndinkaponya ulere m'gulu la owerenga, ndipo tinagwirizana kuti itatu yomaliza adzalipira pa foni, pa EcoCash. Atsikana ankakangana usiku wonse kuti wapha ndani. Wina ankati ndi bwenzilo, wina mayi womupeza. Palibe amene anaganizira amalume, ndipo ndinali nditabisa mapazi awo bwinobwino kuyambira mutu wachiwiri.

Bambo amene anati andisindikizira bukulo anandilozera ndi mayi wina wa kutchalitchi. Suti yake yosita, kaofesi m'tauni pamwamba pa mashopu, pakamwa pozuna. Amvekere mwanangu, buku ili tilisindikiza, tiliika chikuto chokongola, ISBN, nambala ija yodziwira buku, ndikupezera ine, makatoni tizikweza mabasi a pa siteshoni ya Roadport kupita ku Blantyre. Ndinamupatsa madola 350 a America, ndalama ya misana ya anthu imene ndinaweramira miyezi ndi miyezi, ndi fayilo yonse mpaka tsamba lomaliza. Risiti anati buku la marisiti latha, ndidzatenge mawa. Mawa lakelo silinafike.

Tsiku limene sindidzaiwala linali Loweruka. Ndinali nditagwira mutu wa kasitomala pakati, foni ili m'thumba la epuloni ikungonjenjemera osaleka. Ndinati mwina ndi maliro kumudzi. Nditapukuta manja ndi kutsegula, ndinapeza gulu langa lomwe, gulu limene ndinaliyambitsa ndekha, likusefukira. Wina waponya PDF ya buku lonse. Pansi pake wina walemba ndi zilembo zikuluzikulu kuti ANAPHA NDI AMALUME. Ena akuseka, ena akuti amadziwa kale, ena akundifunsa ngati ndalama imene anatumiziratu ndiwabwezera. Ndinatsegula PDF ija ndi zala zamafuta. Dzina langa kulibe. Tsamba limene ndinalemba kuti bukuli ndi la agogo anga aakazi analichotsa. Mutu wa buku anasintha, anaika chithunzi cha mtsikana wosavala bwino chimene anatola pa intaneti, ndi nambala ya foni yoti ofuna gawo lachiwiri atumizeko dola imodzi. Gawo lachiwiri limene ine mwini ndinali ndisanalilote n'komwe! Miyendo inazizira. Kasitomala uja anatembenuka tsitsi lili theka n'kufunsa kuti asisi mwatani, ine mawu osatuluka. Ndinalowa m'chimbudzi cha saluni n'kulira nditaluma thaulo kuti anzanga asamve, kenako ndinatuluka kukamaliza mutu wa munthu chifukwa lendi sidikira.

Inu mukudziwa, nkhani ya chikondi chokha munthu angathe kuiwerenga ngakhale akudziwa kuti adzakwatirana. Koma ya chinsinsi ikaululika yafa. Chimene umagulitsa ndi kusadziwa kwa owerenga. Munthu uja sanangoba mapepala, anaba chaka changa chonse chobisa amalume aja.

Lolemba ndinakwera kombi kupita ku ofesi kwake. Sanachite ngakhale manyazi. Anati mwina ndi mnyamata wake wa pa kompyuta, iye sakudziwapo kanthu. Kenako anatsamira mpando n'kunena kuti ndizithokoza kuti anthu akuwerenga, chifukwa buku la Chichewa m'Harare muno angagule ndani, mabhurandaya (dzina lonyoza la ife amene makolo athu anachokera ku Malawi) ndalama ya buku aitenga kuti. Ananena mawu amenewo pamaso panga, atadya ndalama ya mubhurandaya yemweyo! Chichewa chimene Malamulo a dziko lino a 2013 anachilemba pa zilankhulo 16 zovomerezeka, iye kuchiyesa chinthu chotola. Za ndalama anati andibwezera, koma paja mu June chaka chomwecho boma linali litaletsa kugulira ndi madola a America, ndiye anandiwerengera ma RTGS 350, ndalama ya Zimbabwe ya nthawiyo, akuti dola ndi dola. Imene ndinatuluka nayo sinakwane ngakhale golosale ya mwezi. Munthu woipa mtima ngati ameneyo sindinamuonenso, ndipo mayi wa kutchalitchi uja mpaka lero amandiuza kuti ndikhululuke, osandifunsa n'komwe kuti ndinadya chiyani mwezi umenewo.

Ndipo chimene chimandipsetsa mtima kwambiri n'chakuti zonse ankati n'zovuta zija n'zapafupi. ISBN imaperekedwa ku National Archives, mumsewu wa Borrowdale, ndipo mlembi atha kupitako yekha. Sipafunika bambo wa suti. Umwini wa zimene mwalemba umayamba pamene mwazilemba, lamulo lake lilipo, Copyright and Neighbouring Rights Act, koma lamulo silingakuthandizeni ngati mulibe choonetsa. Choncho dzitumizireni mitu yanu pa imelo yanu tsiku limene mwaimaliza, kuti deti izioneka. Makope amene mumalembamo ndi bolopeni musatayire ana kuti akoleze moto. Ndalama iliyonse ipite pa foni kapena ku banki kuti isiye mapazi, ndipo pangano linene makope angati, tsiku liti, ndalama ya mtundu wanji. Pamenepo tsindikani, mtundu wa ndalama, poti kuchokera nthawi ija taona RTGS, taona ndalama ina yotchedwa ZiG mu 2024, ndipo munthu wachinyengo amabisala momwemo.

Munthu wanuyo mutumizireni mitu itatu yoyamba basi. Wodziwa mabuku amaona pa masamba khumi ngati mlembi ali ndi dzanja. Akaumirira mutu womaliza, mufunseni kuti akuufuniranji.

Komabe musachite kulikumbatira bukulo mpaka kuola nalo m'foni. Nkhani ya chinsinsi imafuna munthu wina aiwerenge yonse mpaka kumapeto, chifukwa iwe mlembi suona mabowo ako. Mwina wanena pa mutu wachinayi kuti mpeni unatayidwa m'Mukuvisi, mtsinje wathu uja, pa mutu wa khumi ukupezeka m'sutikesi. Pezani munthu mmodzi, mphunzitsi kapena mnzanu wowerenga kwambiri, mumupatse yonse. Wosindikiza naye adzafuna fayilo yathunthu, palibe kuchitira mwina, makina sasindikiza theka. Ine buku langa lachiwiri ndinapita nalo ndekha kwa osindikiza ang'onoang'ono, ndinalipira theka, ndinakhala pomwepo mpaka makope 50 atatuluka, ndipo fayilo anaifufuta ndikuona.

Ndinenenso ichi ngakhale chimandiwawa. PDF yobedwa ija inayenda kuposa mmene ine ndikanaiyendetsera. Inafika ku Lilongwe, ku Johannesburg, ku Chipata. Mtsikana wina wogwira ntchito za m'nyumba ku Cape Town anandisaka mpaka kundipeza kudzera mwa wina wa m'gulu lija, akuti sanawerengepo nkhani imene anthu ake amayankhula ngati agogo ake a ku Mbare. Ambiri amene amandilipira lero anandidziwira pa buku lobedwalo. Sindikuti n'zabwino, ndipo bambo uja sindimuthokoza ngakhale pang'ono. Ndikungoti owerenga athu alipo, ana a zaka 19, 22, 25 amene akufuna kudziona m'nkhani, ndipo dola amatulutsa akakukonda.

Mufunseni munthu wanuyo mayina a mabuku atatu amene anasindikizapo, muwapeze eni ake, muwaimbire nokha. Mukamva zimene anena mubwere mutiuze muno musanapereke kalikonse.