Tisoke chiyani pa nsalu: "Mulungu chabe" kapena "Mulungu yekha"?

Funso loyamba lachokera kwa amayi ena a ku Matero, a m'chigwirizano cha amayi pa mpingo wawo. Alemba kuti: "Tikusoketsa nsalu ya msonkhano wathu wa pachaka. Mutu wake ndi woti tisaike mtima pa ndalama, pa ntchito kapena pa anthu. Ena akuti tilembe 'Dalira Mulungu chabe', ena 'Dalira Mulungu yekha', ndipo mtsikana amene watilembera pa kompyuta waika 'Dalira Mulungu wekha'. Telala akudikira. Cholondola n'chiti?"

Amayi, mwachita bwino kufunsa singano isanalowe. Tiyambe ndi la mtsikanayo, chifukwa ndilo losavuta kuchotsa. Kamawu aka ka "-kha" sikaima pakokha, kamavala chovala cha mwini wake: ine ndekha, iwe wekha, iye yekha, ife tokha, inu nokha, iwo okha. Ngakhale zinthu zimatero: chimanga chokha, madzi okha, dzanja lokha. Tsono mukalemba "Dalira Mulungu wekha", amene watsala payekha ndi wowerengayo, osati Mulungu. Mwamuuza kuti adalire popanda mnzake, amuna ake ndi ana ake achite zawo. Pa msonkhano wa amayi amene abwera kudzagwirana manja, mawu amenewo akutsutsa msonkhano womwewo. Cholakwa ichi ndinachionanso pa galasi lakumbuyo la minibasi ina pa Kulima Tower, malembo ofiira aakulu: "Dalila Mulungu Weka". Wolembayo anali ndi mtima wabwino, koma kachilembo kamodzi kanatembenuza uthenga wonse.

Tsopano "chabe". Apa ndikhalitsapo, chifukwa ndi mawu amene muno mu Lusaka tawagwiritsa ntchito mpaka afumbwa. Pitani ku msika wa Soweto m'mawa mukamve: "Nipaseniko tubili chabe." "Ni faifi kwacha chabe." Achinyamata adawadulanso mchira, akungoti "che". Pa tomato ndi pa kapenta palibe vuto, chifukwa ntchito ya "chabe" ndi kuchepetsa. Amauza womvera kuti chinthucho n'chochepa, asachite nacho mantha. Ndi "chabe" yemweyo amene ali mu "zachabe", mu "wavutika pachabe", mu "ine ndine munthu chabe". Agogo anga ku Katete akanena kuti "m'nyumba muno mwatsala gaga chabe", tinkadziwa kuti chaka chaipa. Sankanyadira gagayo. Ankalira ufa umene unatha.

Ikani tsono dzina la Mulungu pamalo pa gaga. Khutu la Mchewa wakumudzi likamva "Mulungu chabe" limamva ngati munthu amene zabwino zonse zamuthera, watsala ndi chochepa. Pamene "yekha" sachepetsa, amapatula. "Mulungu yekha" ndiye kuti palibe wina woima pambali pake. Amayi a ku Lusaka amene amati "ni Mulungu chabe" akatuluka m'chipatala sanyoza ayi, akuyamika ndi mtima wonse, ndipo pakamwa sindingawadzudzule. Koma nsalu imakhala zaka, imapita ku misonkhano ya ku Chipata ndi ku Petauke, imajambulidwa n'kuikidwa pa Facebook. Pamenepo payenera "yekha".

Ndikadakhala pakati panu ndikadapemphanso kuti "Dalira" asinthe. Ndi lamulo lopita kwa munthu mmodzi, ngati mukulankhula ndi mwana. Lembani "Tidalire Mulungu yekha", kuti wolemba ndi wowerenga akhale pa mphasa imodzi. Ndipo muuzeni telala asataye "h" wa mu "yekha".

Funso lachiwiri ndi la mnyamata wa ku Kalingalinga amene amagwira ntchito pa kabuthi kotumizira ndalama pa foni. Akuti: "Abusa amati kukhulupirira, agogo amati kudalira, anzanga amati kuchetekela, ena kutrasita. Kodi si chinthu chimodzi?"

Iyayi mwana wanga, si chimodzi, ndipo umboni wake umauona pa kabuthi kako mwezi uliwonse ukatha. Kuli mayi kumudzi amene mwana wake ali kuno. Mwanayo ndi wabodza, akanena Lolemba amatumiza Lachisanu, akanena mazana asanu amatumiza atatu. Mayiyo samukhulupirira mpang'ono pomwe. Koma feteleza, sopo, ndalama ya kuchigayo, zonse zimachokera kwa iyeyo. Amamudalira. Kulinso mayi wina amene amakhulupirira abusa ake kuti sanama, koma sanayembekezepo kuti abusawo amugulire mbewu. Uyu amakhulupirira osadalira. Kukhulupirira kumayankha funso loti "kodi n'zoona?" Kudalira kumayankha loti "ichi chikachoka, ine ndigwa kapena ndiima?" N'chifukwa chake munthu akhoza kudzaza tchalitchi ndi chikhulupiriro pamene kudalira kwake konse kuli pa malipiro a pa 28.

Taonani mmene anthu amalankhulira chinthu chikagwa. Zambia Airways itatsekedwa mu Disembala 1994, ndi banki ya Meridien BIAO itagwa mu 1995, mawu amene anadzaza m'makomboni anali oti "ndiye tinkadalira pomwepo". Mu 2024 chilala chitaphwetsa madzi ku Kariba, magetsi n'kumazima tsiku lathunthu, ometa tsitsi ndi owotcherera zitsulo a ku Kalingalinga kwanuko ananenanso mawu omwewo. Palibe amene ankati "tinkakhulupirira Kariba". Pakamwa pa munthu wosaphunzira galamala pamasankha mneni woyenera pakokha, tsoka likafika.

Kudalira ndimakuika m'banja limodzi ndi kudala, ndipo ndakhala ndikunena izi kwa ana a sukulu zaka zambiri. Wodala ndi munthu amene zinthu zamuyendera. Onjezani "-itsa", mwapeza kudalitsa, kuchititsa wina kuti adale, kumene kunachokera madalitso ndi mayina onse a Dalitso ndi Madalitso amene adzaza m'makalasi mwathu. Onjezani "-ira", kamchira kosonyeza malo kapena chifukwa, monga kuphikira ndi kugonera, mwapeza kudalira: kudala chifukwa cha chinachake, kuika mwayi wako pa icho. Ukati "ndimadalira malume" ukuulula kumene ukuganiza kuti dalitso lako limatulukira. Mawu otere ndi olemera, ndipo ndimamva chisoni akamatayidwa pa zinthu zopepuka, monga otsatsa malonda pa wailesi amene sopo aliyense amati "wodalirika".

Pali mawu achitatu a Chichewa amene sunawatchule, ndipo ndi amene ndimawakonda koposa. Buku Lopatulika, limene William Murray ndi anzake anamaliza kumasulira ku Malawi ndipo linatuluka mu 1922, pa Miyambo 3:5 limati ukhulupirire Yehova ndi mtima wako wonse, "osachirikizika pa luntha lako". Kuchirikizika! Ana a m'tauni ambiri sanawamvepo. Mchirikizo ndi mtengo wa mphanda umene amaimika pansi pa chinthu chopendekeka. Chaka china mvula itachuluka, nkhokwe yathu inayamba kuweramira kumadzulo, chimanga chili tho. Agogo aamuna anapita kuthengo, ine ndili pambuyo ndi nkhwangwa. Anadutsa mitengo yambiri yowongoka bwino imene ine ndinkailoza. Uliwonse ankaugogoda ndi chigumbu cha nkhwangwa, n'kutchera khutu, n'kupukusa mutu. Anakaima pa muwanga wokhota, wosaoneka bwino, nati uwu chiswe chimaulephera. Tinaukumbira dzenje lofika m'chigongono, n'kulowetsa mphanda yake pansi pa mtanda wa nkhokwe, ndipo ndinamva nkhokwe yonse ikulira pamene kulemera kwake kunasamukira pa mtengowo. Omasulira aja anasankha mawu a kulira kumeneko. Sakuletsa munthu kukhala ndi luntha. Akufunsa kuti kulemera kwa nkhokwe kwagona pa mtengo uti.

Kuchetekela ndi mlendo wochokera ku Chibemba, kumene amati "ukucetekela", ndipo chikhulupiriro amati "icicetekelo". Anabwera ndi abale athu a ku Copperbelt, ndipo m'nyimbo za m'matchalitchi a Lusaka wakhazikika. Ndi mawu aulemu kwawo, ndiye ngakhale kuno sindiwathamangitsa, bola udziwe kuti ukukamba Chinyanja cha m'tauni. Ukalembera agogo ako kalata, bwerera ku kudalira. Koma kutrasita ndiye ayi. Tingabwereke bwanji khasu kwa mzungu pamene m'nyumba muli makasu atatu akuthwa? Ndaonanso kuti kutrasita amayenda ndi "si" nthawi zambiri: "sinimutrasita uja", ponena za chibwenzi kapena za wangongole. Ndi mawu a chikaiko. Sindinamvepo munthu atagwada n'kunena kuti "Ambuye ndakutrasitani", ndipo tsiku limenelo lisafike.

Funso lomaliza ndi la bambo ena a ku Chelstone, mkulu wa mpingo. Akuti mu 2023, lamulo litalola kutapako gawo la ndalama za penshoni ku NAPSA, iwo anatapa n'kumalizira nyumba, ndipo amalipiranso inshuwalansi ya maliro. Mkulu mnzawo anawauza kuti "chitetezo chathu ndi Mulungu, osati mapepala". Akufunsa ngati pali mawu a Chichewa a inshuwalansi, ndiponso ngati "chitetezo" ndi mawu oyenera kunenera Mulungu.

Bambo, inshuwalansi, penshoni ndi banki zisiyeni momwemo. Zinthuzo zinabwera ndi mayina ake, ndipo taziveka kale zovala zathu. Kubwereka kumene ndimadana nako ndi kwa chinthu chimene tili nacho kale.

Chitetezo si cholakwika, chimachokera ku kuteteza, koma chatopa. Alonda a pa geti ndi achitetezo, katemera ndi chitetezo, loko wa pa foni ndi chitetezo. Mukaikapo Mulungu, mwamuika pa mzere umodzi ndi zonsezi, ndiye n'zosadabwitsa kuti mnzanuyo akuona ngati pali mpikisano pakati pa Mulungu ndi pepala. Makolo athu m'mapemphero ankati thanthwe, chikopa, pothawirapo, linga. Linga linali mpanda wolimba wozungulira mudzi, umene Achewa ankamanga m'zaka za m'ma 1800 pothawa nkhondo za Angoni ndi ogwira akapolo. Munthu wolowa m'linga ankalowa ndi thupi lake lonse, ndi ana ndi mbuzi zomwe, chifukwa kunja kunali imfa. Palibe amene angatche inshuwalansi linga, pakamwa pamakana.

Ndipo mukamvetsera mmene timalankhulira tokha, mupeza kuti Chichewa chinagawa kale ntchito. Ndalama ku banki timasunga. Inshuwalansi timalipira. Chilimba timalowa, kaloba timatenga, penshoni timadikira. Chilichonse chili ndi mneni wake wa tsiku ndi tsiku, ndipo palibe chimene chimakukakamizani kunena "kudalira". Agogo anga aja ankamanga nkhokwe chaka chilichonse, n'kumapitabe kukapempherera mvula ku tchalitchi, ndipo sindinawamvepo akuti amadalira nkhokwe. Ankati "tasunga". Mnzanuyo akakufunsaninso, muyankheni ndi mneni ameneyo, ndipo mumufunse ngati iye kwawo denga likadontha amalisiya.